Katswiri Akakuphunzitsa Kukola, Akuphunzitsenso Kuleka

Sabata ino ndabwera ndi funso lokhudza aphunzitsi, koma osati a choko ndi bolodi ayi. Ndikunena aphunzitsi a luso la manja, aja amakugwira mkono n'kumati, "Ayi, osati choncho, tere." Funso lake ndi ili: munthu waluso akamanola mnzake kuti nayenso akhale waluso, udindo wake umathera pati? Akangoona kuti wophunzira wayamba kukhoza, basi alandire zake azipita? Kapena pali china choyenera kuperekedwa limodzi ndi lusolo, chimene akapanda kupereka ndiye kuti wagulitsa katundu woperewera?

Kuti tisamangoyankhula za m'malere, tiyeni titsikire kumtsinje. Pali nsomba ina yotchedwa trout. Si ya kwathu kuno. Mtundu wake umene uli m'Malawi muno kwawo ndi ku mitsinje ya kumadzulo kwa North America, ndipo anabwera nawo ndi azungu nthawi ya atsamunda. Nsombayi siifuna madzi ofunda, n'chifukwa chake simungaipeze ku Mangochi kapena ku Chikwawa. Imakhala kumapiri kozizira: mu mtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, m'madamu a ku Chelinda ku Nyika, ndi m'timitsinje tina ta pa phiri la Mulanje. Kawedzedwe kake n'kachilendo. Saika nyongolotsi kumbedza. Amamangirirako nthenga, ubweya ndi ulusi mpaka mbedzayo ioneke ngati kachilombo kamoyo. Eni ake nyambo yabodzayi amaitcha fly. Kumaiko a anzathu kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti katswiri aime nawo m'madzi ozizira tsiku lonse, n'kumawakonza kaponyedwe.

Mwina mwaseka kale. Kulipira munthu kuti akuphunzitse kuwedza? Mesa mwana wa ku Kachulu amadziwa mbedza asanadziwe a, e, i, o, u? Zoona. Koma taimani kaye mumve zimene katswiriyo amaphunzitsa, chifukwa funso langa lagona pamenepo.

Choyamba ndi kuponya. Mbedza yathu ija timaiponya mosavuta chifukwa ili ndi cholemetsa, kaya kamwala kaya kachitsulo. Nthenga ilibe kulemera. Mutaiponya ndi dzanja ingagwere pamapazi panu pomwepo. Ndiye pa kawedzedwe aka cholemera ndi chingwe. Ndodo yake ndi yaitali pafupifupi mamita atatu, yowetama ngati nsungwi yaiwisi. Munthu amakweza chingwe kuchiponya kumbuyo, n'kuima pang'ono kuti chitambasuke chonse m'malere, kenako n'kuchibweza kutsogolo. Kuima pang'ono kumeneko ndiye mwini nkhani. Ukafulumira, chingwe chimalira ngati chikwapu ndipo nyambo imaduka. Ukachedwa, chimagwera m'udzu. Vuto n'lakuti zonsezi zimachitikira kumbuyo kwako, kumene maso ako safikako. Ukhoza kuwerenga mabuku khumi, ukhoza kuonera mavidiyo pa YouTube mpaka bandulo kutha, koma sungadzione nkhongo. Pafunika wina woima pambali woti akuuze kuti dzanja lako likuthyoka pamfundo, kapena kuti ukugwiritsa ntchito mphamvu pamene pakufunika nthawi.

Chachiwiri ndi kuwerenga madzi. Kwa ine ndi inu mtsinje ndi mtsinje basi. Kwa katswiri, mtsinje uli ngati msika: uli ndi njira zodutsa anthu ambiri ndi makona opanda kasitomala. Trout imaima itayang'ana kumtunda, kumene madzi akuchokera, chifukwa chakudya chimabwera ndi madzi. Siifuna kutopa, ndiye imabisala kuseri kwa mwala, pansi pa gombe logumukira mkati, kapena pamalire pamene madzi othamanga akumana ndi odekha. Imadikira pamalo ofatsa, chakudya chikamadutsa imangotuluka pang'ono, kutola, n'kubwerera. Choncho msodzi wophunzitsidwa amaiyandikira kuchokera kumunsi, kumbuyo kwake, moŵerama, osagwetsa chithunzithunzi chake pamadzi, osaponda mwamphamvu pagombe.

Chachitatu ndi kudziwa chimene nsomba ikudya tsiku limenelo. Katswiri amatola mwala pansi pa mtsinje n'kuugubuduza kuti wophunzira aone tizilombo tokakamira kunsi kwake. Tizilomboti timakhala m'madzi miyezi yambiri, kenako timakwera pamwamba, kutuluka m'chikopa, n'kuuluka. Amene munaonapo nkhungu zikufuka pa nyanja ya Malawi ngati utsi mukudziwa zimene ndikunena. Nthawi zambiri trout imadyera pansi, tizilomboti tisanamere mapiko, koma tikayamba kutuluka imakwera n'kumatola pamwamba. Msodzi ayenera kusankha nyambo yofanana nato kukula ndi mtundu. Akaiponya, iyende ndi madzi ngati kachilombo kenikeni. Chingwe chikakokedwa ndi madzi othamanga, nyambo imayamba kukhwekhwereza, ndipo nsomba imaona kuti apa pali chinyengo. Ndiye amaphunzitsanso kunyamula chingwe pang'ono n'kuchigonekanso kumtunda popanda kugwedeza nyambo.

Mwaona tsopano? Limeneli ndi luso lenileni, ndipo mphunzitsi wabwino amamusinthadi munthu. Amene ankachoka kumtsinje chimanjamanja amayamba kukola. Amene ankakola mwamwayi amayamba kukola mwadala. Paja amati safunsa anadya phula. Amene wafunsa ndiye wafika pa uchi.

Koma taganizirani mbali inayi. Munthu uja asanaphunzire, umbuli wake unali mpanda woteteza mtsinje. Ankabwera ndi phokoso, nsomba n'kuthawa, iye n'kubwerera kwawo, dziwe n'kutsala mmene linalili. Lero katswiri wagumula mpanda umenewo. Wamuonetsa pamene nsomba zimabisala, nthawi imene zimadya, ndi bodza limene sizingalizindikire. Timitsinje ta kumapiri n'tating'ono, dziwe limodzi likhoza kukhala ndi nsomba zazikulu zowerengeka pa zala. Munthu mmodzi wodziwa akhoza kulipulula pa masiku ochepa. Ndiye amene ananola mpeniwo anganene kuti za kumene ukacheke sizikumukhudza?

Ine ndikuona kuti katswiri ali ndi njira zitatu, ndipo zonse zitatu ndimaziona tsiku ndi tsiku pamsika pamene ndimachita geni.

Njira yoyamba ndi kubisa. Iyi ife a geni timaidziwa bwino. Mufunse mnzako wa benchi loyandikana nalo kumene waoda usipa wabwino chonchi, akuyankha kuti, "Aaa, komwe kuja." Komwe kuja kuti? Sakuuza. Ndipo sindimuda, chifukwa amene wamuonetsa njira lero ndi amene akupikisana naye mawa, kasitomala ndi yemweyo, mpamba ndi wochepa. Nawonso akatswiri a kumtsinje ali ndi maiwe awo achinsinsi. Ena amaopa kuti akaonetsa mlendo, madzulo omwewo chithunzi chili pa Facebook ndi dzina la malowo, sabata yamawa pali mpingo wa anthu. Mantha amenewo ndi omveka. Koma kubisa kuli ndi mavuto awiri. Loyamba, luso lobisidwa limakwiriridwa limodzi ndi mwini wake. Ndi angati m'midzi mwathu amene anapita ndi nzeru zoluka mono, zosema bwato, zosula khasu, chifukwa ankati ana a masiku ano sayenera? Lachiwiri, munthu amene wamanidwa njira yabwino sasiya kufuna nsomba. Amakapeza njira yoipa. Amene sanaphunzitsidwe mbedza amathira katupe m'dziwe n'kupha zonse, zazikulu ndi ana omwe. Kubisa kumateteza katswiri kwa kanthawi, mtsinje sikuuteteza.

Njira yachiwiri ndi kugulitsa zonse zimene wogula akufuna, osafunsa kanthu. Munthu walipira kuti akole nsomba, muonetse kukola, zinazo n'zake. Ena amati chimenechi ndiye chilungamo cha malonda: wapereka ndalama, walandira katundu. Koma apa pali chimene tikuiwala. Pa phunziro lililonse pamakhala anthu atatu, ngakhale ooneka ndi awiri. Wachitatu ndi amene lusolo lidzamugwere. Ndikamaphunzitsa mtsikana geni, wachitatu ndi mayi amene adzabwere kudzagula kwa iye. Ndikhoza kumuonetsa kuunjika mulu kuti ukope maso, kuitanira, kuwerenga nkhope ya munthu ngati ali ndi ndalama kapena akungoyang'ana, nthawi yotsitsa mtengo, nthawi yoika banyira. Zonsezi ndi luso. Koma dzanja lomwe ladziwa kuunjika mulu ndi lomwenso lingadziwe kuika zoola pansi, zabwino pamwamba. Diso lomwe lawerenga kuti kasitomala uyu ndi mlendo ndi lomwenso lingamukwezere mtengo kawiri. Tonse tinaonapo chigoba chophwanyidwa kunsi kuti chizilowa zochepa. Amene anachiphwanya si mbuli, ndi munthu wochenjera amene wina anamuphunzitsa theka la ntchito.

Kumtsinje wachitatu uja ndi nsomba, ndi msodzi amene adzabwere chaka chamawa, ndi mwana wa katswiri yemweyo amene adzafune kudyera pa mtsinje womwewo. Onsewa sakhalapo pokambirana mtengo wa phunziro, ndiye woti awayankhulire palibe kupatula mphunzitsi.

Njira yachitatu, imene ine ndaima nayo, ndi iyi: phunzitsa zonse, usabise, koma malire akhale mbali ya phunzirolo. Asakhale ulaliki wa kumapeto munthu atanyamula kale chikwama. Alowe m'dzanja limodzi ndi kaponyedwe.

Maganizo amenewa si a lero. Buku lina lakale kwambiri la Chingerezi lonena za kuwedza, la m'chaka cha 1496, limene ambiri amati analemba ndi mayi wotchedwa Juliana Berners, limafotokoza kapangidwe ka ndodo, mbedza ndi nyambo za nthenga 12. Koma silithera pamenepo. Kumapeto kwake kuli malangizo a khalidwe: za kulemekeza madzi a eni, za kusaononga mipanda ya anthu podutsa, ndi za kupewa dyera potenga nsomba. Wolembayo anaona kuti sangapereke mbedza popanda kupereka mwambo wake. Ku America nako kuli chitsanzo. Mayi wina, Joan Wulff, anapambana mpikisano wa dziko lonse woponya chingwe patali mu 1951, opikisana naye onse ali amuna. Mu 1979 iye ndi mwamuna wake Lee Wulff anatsegula sukulu ya kawedzedwe aka pa mtsinje wa Beaverkill m'chigawo cha New York. Mayiyu anatchuka pophwanya kaponyedwe m'zigawozigawo kuti wina aliyense athe kuphunzira. Bamboyo anatchuka polimbikitsa asodzi kubwezera nsomba m'madzi ikadali moyo. Banja limodzi, sukulu imodzi, kunola dzanja ndi kuliikira malire pansi pa denga limodzi.

Ndipo malirewo si mawu chabe, nawonso ndi luso lofuna kuphunzira. Katswiri weniweni amakuonetsa kuphwanya ndi pulayala kaminga kaja kobwerera m'mbuyo kunsonga ya mbedza, kuti pochotsa usang'ambe kamwa ya nsomba. Amakuuza kuti usalimbane nayo nthawi yaitali pongofuna kusangalala, chifukwa nsomba yotopetsedwa kwambiri ikhoza kusambira bwinobwino pamaso pako n'kukafera patsogolo. Amakunyowetsa manja usanaigwire, chifukwa dzanja louma limachotsa kuterera kwa pakhungu pake kumene kumaiteteza ku matenda. Amakuletsa kulowetsa zala mopumira mwake. Amayenda ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi, ndipo akaona kuti afika cha m'ma digiri 20 amapinda ndodo, chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa ndipo trout yokoledwa nthawi imeneyo kawirikawiri siichira. Amakulozera malo a timiyala toyera pamene nsomba zakumba n'kuikira mazira, n'kukuuza kuti phazi lako lisapondepo. Munthu wodziwa kukola koma osadziwa izi sanamalize sukulu. Ali ngati dalaivala wodziwa giya ndi moto koma buleki sanamuonetse.

Tsopano ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakonzeka kale kunditsutsa, ndipo zotsutsa zanu ndi zolemera. Tiyeni tizione.

Wina ati: "Mayi, zimenezo ndi masewera a anthu okhuta. Kukola nsomba n'kuibwezera m'madzi, kujambulitsa nayo basi? Ndiye chifundo chimenecho? Bola ine ndimapha n'kudya." Pamenepa sindingakutsutseni msanga, chifukwa ngakhale azungu okhaokha sagwirizana. Ku Switzerland, malamulo oteteza nyama amene anakhazikitsidwa mu 2008 amaletsa kuwedza ndi cholinga chongobwezera nsomba m'madzi. Iwo amati kuvutitsa chamoyo pongofuna kusangalala n'kulakwa, ngati wakola yoyenera kudya, ipha msanga mosazunza ukadye. Ku America ambiri amati ibwezere kuti mtsinje usathe. Awa ayang'ana ululu wa nsomba imodzi, awo ayang'ana tsogolo la mtsinje wonse. Ine, monga munthu wodziwa mtengo wa ndiwo, mtima wanga umapendekera kwa amene watenga ziwiri zokadya n'kupita kwawo kusiyana ndi amene wabaya makumi atatu n'kumadzitcha wachifundo. Koma taonani chinthu chimodzi. Ku Switzerland komweko, munthu wofuna chiphaso chowedzera cha nthawi yaitali amayenera kuyamba waphunzira ndi kusonyeza kuti akudziwa kagwiridwe ndi kaphedwe koyenera ka nsomba. Ndiye mbali zonse ziwiri zikusiyana pa malo oika malire, koma zikugwirizana kuti wopatsidwa mbedza apatsidwenso malire.

Wina ati: "Malire amenewa nthawi zambiri ndi njira ya akuluakulu yotsekera ena kunja." Izinso n'zoona, ndipo mbiri ya kawedzedwe aka ili ndi umboni. Ku England, pa mitsinje ya Test ndi Itchen, kunali katswiri wotchedwa Frederic Halford amene ankaphunzitsa kuwedza ndi nyambo yoyandama pamwamba pa madzi. Omutsatira anafika poyesa njira imeneyi ngati yokhayo yoyenera munthu waulemu. Kenako loya wina wa ku London, G. E. M. Skues, anaonetsetsa kuti nsomba zambiri zikudyera pansi pa madzi, ndipo anayamba kupanga nyambo zomira zofanana ndi tizilombo tisanamere mapiko. Analemba za njirayi mu 1910. Anthu anamuda ngati wachita zonyansa. Mu 1938 nkhaniyi anaikambirana pa msonkhano wa bungwe la Flyfishers' Club ku London, Halford atamwalira kalekale, ndipo chaka chomwecho Skues, ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, anasiya gawo la mtsinje wa Itchen limene anawedzapo zaka zoposa 50. Lero njira yake ikuphunzitsidwa paliponse. Phunziro lake n'lakuti si lamulo lililonse la katswiri limene lili lopatulika. Pali malire oteteza mtsinje, pali malire oteteza ulemu wa mphunzitsi. Powasiyanitsa funsani funso limodzi: lamuloli likathyoledwa, avulale ndani? Ngati yankho ndi nsomba, mtsinje kapena mnzako wobwera m'mbuyo, lisunge. Ngati yankho ndi kunyada kwa akuluakulu basi, ukhoza kulifunsa mafunso. Mphunzitsi wabwino sachita mantha kufotokoza chifukwa cha lamulo lake.

Wina ati: "Zonsezo n'za kumapiri ndi ku Ulaya. Kuno munthu akawedza ndiye kuti kunyumba kulibe ndiwo. Wanjala ungamuuze za malire?" Apa ndiye pandikhudza kwambiri, chifukwa nsomba zimene zimafika pamsika ndimaziona ndi maso anga. Tiana ta chambo tosafika ndi chala chomwe, touma, tili pamulu. Tinakoledwa ndi neti ya udzudzu imene inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo. Amene anasoka netiyo kukhala khoka ndi munthu waluso, ndipo pali amene anamuonetsa. Nyanja ya Malombe inali ya chambo, koma pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitatha mochititsa mantha, makoka a maso ang'onoang'ono atakokolola ana ndi malo oswanirana omwe. Njala ya dzulo inabereka njala yaikulu ya lero. Choncho malire si katundu wa anthu okhuta. Wokhuta mtsinje ukatha amakwera ndege kukawedza kwina. Wosauka ndi amene amatsala pagombe ndi bwato lopanda ntchito.

Ndipo tisamayese kuti nzeru imeneyi tikuchita kubwereka. Ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, pansi pa ulamuliro wa mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumbapo, nyanja n'kupuma. Akatswiri a kumeneko sanawerenge Juliana Berners. Anangodziwa kuti mnyamata amene ukumuphunzitsa kuponya chilimira uyeneranso kumuphunzitsa mwezi wochipachika. Kumenekonso kuli malamulo ena, monga loletsa amayi kufika pachilumbapo, amene ine monga mayi ndingakonde kuwafunsa funso lija lakuti likathyoledwa avulale ndani. Koma la kutseka nyanja yankho lake n'loonekeratu, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja amachitira umboni kuti ku Mbenji nsomba zikadalipo.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chimandivuta kwambiri. Wina ati: "Wophunzira ndi munthu wamkulu. Ukhoza kumuuza zonse, iye n'kukachita zake. Ndiye mphunzitsi alakwa chiyani?" Zoona, palibe angalowe mumtima mwa mnzake. Katswiri sangayankhe mlandu wa chilichonse chimene wophunzira wake adzachite zaka khumi zikubwerazo. Koma angayankhe mlandu wa zimene anasiya dala kunena poopa kukhumudwitsa wolipira. Taganizirani mlendo wachoka kutali, walipira tsiku lonse, dzuwa lakwera, madzi afunda, nsomba zikuoneka, iye akufuna apitirize. Katswiri akati tiyeni tipinde ndodo, mwina mlendoyo sadzabweranso, mwina akauza anzake kuti musapite kwa ameneyo. Akati tiyeni tipitirize, ndalama yalowa, nsomba zikafera kumunsi kumene palibe aone. Ife a geni mphambano imeneyi timaidziwa: kasitomala wakonda nsomba imene iwe ukudziwa kuti yayamba kugona. Umuuze kapena umukulungire? Ukamuuza wataya ya lero. Koma mtsikana amene ukumuphunzitsa geni waima pambali pako, akuona. Chimene uchite pamenepo ndiye phunziro, zimene unanena m'mawa zija zinali nkhambakamwa chabe.

Malire saphunzitsika ndi pakamwa pokha. Wophunzira amaiwala zambiri zimene anauzidwa, koma saiwala tsiku limene anaona mphunzitsi wake akusiya ndalama patebulo chifukwa cha chinthu chimene sichikanatha kumuthokoza. Mwina sangatsatire. Koma kuyambira tsiku limenelo akamapulula dziwe azidziwa chimene akuchita, ndipo sanganene kuti palibe anamuuza.

Nayenso wophunzira ali ndi ngongole imene ndalama ya phunziro siimaliza. Ukaonetsedwa dziwe, waonetsedwa mwa chikhulupiriro. Kulilengeza kwa aliyense pofuna kutamandidwa pa intaneti kuli ngati mnzako wakutengera kumene amaoda, mawa lake iwe n'kulawirira kukagula zonse iye asanafike. Lamulo silingakumange, koma wadula mlatho umene ena akanadzaolokera, chifukwa katswiri wopwetekedwa kamodzi amabwerera ku njira yoyamba ija ya kubisa. Anthu ambiri amene timawanena kuti ndi omana nzeru anayamba ali opatsa.

Ndiye anzanga, ambiri a ife mwina sitidzagwirako ndodo ya trout, olo kukwera kukafika ku Chelinda. Koma aliyense pano pali chimene amadziwa kuposa mnzake, ndipo pali amene akumuyang'ana m'manja. Wina akuphunzitsa mphwake kuyendetsa kabaza wa njinga yamoto: mwamuonetsa kudutsa pakati pa magalimoto, nanga za kukana kukweza anthu atatu mwamuuza? Wina akuphunzitsa mlamu wake kutumiza ndi kulandira ndalama za pafoni pa kauntala: nanga za nambala yachinsinsi ya agogo amene sadziwa kuwerenga mwanenapo chiyani? Wina akuonetsa mnzake kuthira mankhwala m'dimba la tomato: masiku oyenera kudikira asanathyole mwamuwerengera? Ifenso olemba m'gulu lino timanolana kuti mawu athu azikola anthu ngati nyambo ya nthenga ija. Kodi timauzananso pamene cholembera chiyenera kuima, pamene nkhani yokoma ingaphe mbiri ya munthu amene sangathe kudziyankhira?

Ndikufuna kumva kwa inu, makamaka amene munaphunzira ntchito pamanja pa munthu wina, kaya utelala, kaya umakaniko, kaya usodzi, kaya geni ngati ine. Amene anakuphunzitsaniyo, kupatula kukuonetsani kachitidwe, alipo malo amene anakuuzani kuti apa pokha ayi? Ndipo inu, amene ali pambali panu lero, mwamuuza kale kapena mukudikira adzaone yekha?

Sabata yabwino nonse.